Kukaonera mpira koyamba ku Johannesburg: mafunso ndi mayankho

Awa ndi mafunso omwe abale athu kuno ku Joni amafunsa mobwerezabwereza, makamaka Chiefs ndi Pirates zikatsala pang'ono kukumana. Ena ofunsa angofika kumene kuchokera kumudzi. Ena akhala kuno zaka zambiri koma sanapondeko pa geti ya bwalo lililonse. Mayankho achokera kwa ife amene timapitako, ndipo taikamo zomwe anzathu amakumbukira za tsiku lawo loyamba. Mitengo ndi nthawi zimasintha, choncho pa ziwiri zimenezi muzitsimikiza ndi chilengezo cha timu yomwe ili pakhomo.

Mpira ndimaonera pa TV sabata iliyonse. Ndikavutikirenji kupita ku bwalo?

Ngati cholinga chanu n'kuona bwinobwino ngati inali penate kapena ayi, khalani pa TV. Ku bwalo chigoli chimalowa kamodzi basi, ndipo mukakhala kuti mumayang'ana wogulitsa mtedza, chakupitani.

Koma kamera imatsatira mpira wokha. Pa bwalo mumaona osewera onse 22 nthawi imodzi: wotchinga kumbuyo amene wayamba kuyenda chifukwa mpweya wamuthera, goloboyi akukalipira anzake, kochi akuponya botolo la madzi pansi. Ndiye pali phokoso. Anthu zikwizikwi akamaimba nyimbo imodzi, masitandi amachita kunjenjemera pansi pa mapazi, ndipo zimenezo palibe TV imene ingakupatseni.

Kodi mabwalo akuluakulu ndi ati, ndipo amasewerapo ndani?

FNB Stadium, yomwe ena amaitchula kuti Soccer City, ili ku Nasrec, pakati pa tawuni ndi Soweto. Imalowa anthu oposa 94,000 ndipo ndi bwalo lalikulu kuposa onse mu South Africa. Inatsegulidwa mu 1989, kenako anaimanganso pokonzekera World Cup ya 2010 n'kuipatsa maonekedwe a chipanda. Kaizer Chiefs imasewera magemu ake ambiri apakhomo pamenepa, ngakhale nthawi zina imawatengera ku Durban kapena ku Polokwane. Musanagule tikiti onetsetsani kaye komwe gemuyo ikuchitikira.

Orlando Stadium ili mkati mwa Soweto, ku Orlando East, ndipo ndi kwawo kwa Orlando Pirates. Imalowa anthu pafupifupi 40,000. Ellis Park ili ku Doornfontein, kufupi ndi tawuni, ndipo masiku ano ndi ya rugby kwambiri. Palinso Dobsonville Stadium ku Soweto komweko, komwe kunali kwawo kwa Moroka Swallows.

Mamelodi Sundowns si ya Johannesburg. Ndi ya ku Pretoria, ndipo kumeneko ndi ulendo wina.

Ndiyambe ndi Soweto derby, gemu ya Chiefs ndi Pirates?

Ambiri amafuna choncho, koma ife timati ayi. Yambani ndi gemu wamba ya Pirates pa Orlando Stadium, Loweruka kapena Lamulungu masana. Bwalo lake ndi lothina, osewera mumawaona nkhope, ndipo anthu 20,000 pamenepo amamveka ngati bwalo ladzaza. Gemu wamba ya Chiefs pa FNB imatha kukukhumudwitsani: anthu alipo ndithu, koma bwalolo ndi lalikulu moti mumangoona mipando ya olenji yopanda anthu mbali zonse.

Derby ndi nkhani ina. Matimu awiriwa ndi pachibale. Pirates inayamba mu 1937, ndipo Kaizer Motaung anali wosewera wake asanapite ku America kukasewera Atlanta Chiefs. Atabwerako anayambitsa timu yakeyake, Kaizer Chiefs, mu Januwale 1970. Kuchokera pamenepo mabanja a ku Soweto anagawikana, bambo Pirates, mwana Chiefs. Tsiku la derby misewu yolowera ku Nasrec imatsekedwa, matikiti amatha masiku angapo gemu isanafike, netiweki ya foni imavuta chifukwa cha kuchuluka kwa anthu, ndipo mukasochererana ndi mnzanu mwina mukaonana kunyumba. Munthu amene waphunzira kale kulowa ndi kutuluka pa bwalo laling'ono amasangalala nayo derby. Amene akuyamba kumene amathera theka la tsiku ali ndi nkhawa.

Mukakakamira kuti muyambe ndi derby, pitani ndi munthu amene anapitako kale, ndipo werengani bwino mayankho a za mayendedwe ndi nthawi yofikira.

Matikiti ndigula kuti, ndipo ndi ndalama zingati?

Timu yomwe ili pakhomo ndiyo imalengeza kampani yogulitsa matikiti, ndipo makampaniwa akhala akusinthasintha. Mumagula pa intaneti kapena m'masitolo omwe atchulidwa m'chilengezocho. Kwa zaka zambiri tikiti ya gemu wamba ya ligi inali R40. Pano mitengo inakwera ndipo imasiyana malinga ndi timu, gemu komanso malo okhala. Ya derby imaposa onse.

Chomwe chimawapweteka anthu ochokera kwathu ndi chizolowezi cha pa Kamuzu Stadium kapena pa Civo, chofika pa geti ndi ndalama m'manja. Kuno pa magemu akuluakulu matikiti sagulitsidwa pa bwalo. Amene angakuitaneni panja kuti ali ndi tikiti yotsala, musamumvere, ngakhale akulankhula Chichewa. Matikiti achinyengo ndi ambiri pa derby, ndipo pa geti amapima ndi makina. Ikakana, ndalama zapita ndipo wogulitsayo simumuonanso.

Ngati thumba silili bwino, fufuzani magemu a achisodzera a DStv Diski Challenge. Nthawi zambiri kulowa kumakhala kwaulere, ndipo mpira wake ndi wothamanga.

Ndikafika bwanji? Nanga pobwerera?

Kupita n'kosavuta. Mateksi opita ku Soweto amanyamukira pa renki ya Bree m'tawuni. Funsani oyang'anira mizere kuti ya ku Orlando kapena yodutsa ku Nasrec ili pati. Mabasi a Rea Vaya, omwe anayamba mu 2009, ali ndi siteshoni pafupi ndi Orlando Stadium, koma amafuna khadi yawoyawo yoikamo ndalama, osati kulipira kwa dalaivala. Pafupi ndi FNB pali siteshoni ya sitima ya Nasrec, ndipo pa magemu ena akuluakulu amaika sitima zapadera. Musangoganiza kuti ilipo, mverani chilengezo. Sitima yothamanga ya Gautrain siyifika ku Soweto.

Vuto lili pobwerera, ndipo apa m'pamene anthu ambiri ulendo wawo woyamba umawaipira. Gemu ya masana ikayamba 15:30 imatha cha m'ma 17:30, ndipo m'miyezi yozizira mdima umakhala wayamba kale. Gemu ya mkati mwa sabata ikayamba 19:30 mumatuluka itadutsa 21:00, nthawi yomwe mateksi ambiri aweruka. Ngati mumakhala ku Diepsloot, Cosmo City, Tembisa kapena ku East Rand, ndiye kuti mukufunika mateksi awiri, ndipo yachiwiriyo simuipeza. Kuyenda wapansi m'tawuni usiku kuchoka pa renki ina kupita pa ina si nzeru. Uber ndi Bolt, magalimoto oitanitsa pa foni, zilipo, koma gemu ikangotha mtengo umakwera, madalaivala sangafike pafupi chifukwa misewu yatsekedwa, ndipo kutulutsa foni pakati pa chigulu cha anthu n'kuitana akuba.

Njira imene yatithandiza ndi yosonkherana. Anthu 15 mumapangana ndi dalaivala wa teksi wa kudera kwanu kuti akutengeni n'kukudikirani. Mumulipire theka popita, theka pobwera. Musanalowe m'bwalo, gwirizanani malo okumanirana omwe aliyense wawaona ndi maso ake, osati kudalira kuti tiimbirana.

Ndifike nthawi yanji?

Pa gemu wamba, ola limodzi isanayambe. Pa derby kapena fainolo, maola atatu. Tikudziwa kuti ena aseka, koma chifukwa chake si chocheza.

Pa 11 Epulo 2001, usiku, Chiefs ndi Pirates zinakumana pa Ellis Park. Bwalo linali litadzaza kale koma panja panali anthu zikwi zambiri akukankhana kuti alowe. Anthu 43 anafa popanikizana, ena mwa iwo ana. Zaka khumi m'mbuyo mwake, mu Januwale 1991, anthu oposa 40 anafa ku Orkney pa gemu ya matimu omwewa. Mu Julayi 2017 anthu awiri anafa pa geti ya FNB, mwezi womwewo umene kwathu tinataya anthu asanu ndi atatu pa Bingu National Stadium pa 6 Julayi. Ngozi zoterezi zimachitika pa mageti ndi m'makwalala, pamene anthu ochedwa amva phokoso mkati n'kuyamba kuthamanga.

Mukaona kuti pa geti pathinana ndipo anthu akukankha kuchokera kumbuyo, tulukani pamzere mupite m'mbali, ngakhale mpira wayamba. Potuluka chimodzimodzi: khalani pampando mphindi khumi, chigulu chidutse.

Ndine mlendo m'dziko muno. Sindikavutitsidwa?

Funso ili anthu amafunsa motsitsa mawu, koma ndi limene limalepheretsa ambiri. Pa geti amafuna tikiti ndipo amakusechani m'matumba. Sakufunsani kuti mwachokera kuti. Komabe apolisi amakhala ochuluka m'misewu tsiku la gemu, choncho mapepala anu muyende nawo monga mumachitira popita kuntchito, m'thumba la mkati lotseka.

Mkati mwa bwalo, zomwe taona n'zoti anthu amayang'ana jezi, osati chilankhulo. Chigoli chikalowa, munthu amene simukumudziwa amakukumbatirani musanatsegule n'komwe pakamwa. Sitikunena kuti amwano kulibe. Wina akaledzera amatha kutulutsa mawu achipongwe okhudza alendo. Musamuyankhe, sunthani mukakhale kwina, malo ndi ambiri. Ndipo nthawi zomwe m'makomboni mwavuta kwa alendo, monga zinalili mu 2008, 2015 ndi 2019, mpira uyambe wadikira.

Ndivale chiyani? Jezi ya Bullets kapena ya Flames ndingavale?

Valani. Jezi ya Flames, ya Maule kapena ya Manoma siikupalamulitsani, ndipo imakupezetsani abale: musadabwe kumva wina mizere itatu kumbuyo akukuwa kuti, achimwene, kumudzi n'kuti? Chiefs imavala golide ndi zakuda, Pirates zakuda ndi zoyera. Chodabwitsa kwa munthu wozolowera derby ya ku Blantyre, komwe aliyense amadziwa mbali yake, n'choti kuno masapota a matimu awiriwa amakhala mosakanikirana, mwamuna wa Chiefs mkazi wa Pirates mpando woyandikana.

Chofunika kwambiri ndi nyengo. Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndipo kuyambira Meyi mpaka Ogasiti dzuwa likangolowa kumazizira koopsa, makamaka pa FNB pomwe mphepo imawomba. Tengani jekete ngakhale masana kukutentha. Kuyambira Okutobala mpaka Malichi kumagwa mvula ya mabingu madzulo, ndipo woyimbira amatha kuimitsa mpira chifukwa cha ziphaliwali. Nsapato zikhale zoyendera, chifukwa kuchoka pomwe teksi yakusiyani kukafika pampando ndi kamtunda.

Zisoti zija ndi malipenga aja n'zofunika kukhala nazo?

Ayi, koma mudzazisirira. Chisoti chodulidwadulidwa n'kupakidwa utoto chimatchedwa makarapa. Anachiyambitsa ndi sapota wa Chiefs, Alfred Baloyi, mu 1979, pofuna kuteteza mutu ku mabotolo omwe ankaponyedwa m'masitandi. Ndi chisoti chomwe chija cha pantchito, chonga chimene agogo athu ankavala m'migodi pa nthawi ya Wenela, ndipo mukaima panja pa FNB milu yachikasu ya dothi la m'migodi imaonekera chapafupi pomwepo.

Vuvuzela musagule tsiku loyamba. Kuliza kwake kumafuna kuzolowera, milomo imatupa, ndipo okhala kutsogolo kwanu sakuthokozani. Phunzirani kaye zizindikiro: a Chiefs amakweza zala ziwiri, a Pirates amapingasa mikono pachifuwa.

Zakudya ndi zakumwa zimapezeka?

Panja pa bwalo pamakhala amayi ogulitsa pap (nsima ya kuno) ndi nyama yowotcha, soseji, nkhuku ndi chakalaka. Idyani konko musanalowe. Mkati zinthu n'zodula ndipo pa hafu taimu mizere imatalika. Mabotolo agalasi, zitini ndi mowa wobwera nawo salola. Kumene mowa ukugulitsidwa amathira m'makapu apulasitiki. Tengani ndalama zing'onozing'ono, osatulutsa chikwama chonse pogula chimanga chimodzi.

Tinene zoona: m'mbali zina za masitandi mumamveka fungo la chamba. Ngati simugwirizana nalo kapena muli ndi ana, khalani cha pakati m'mbali mwa bwalo, osati kuseri kwa magolo komwe kumakhala oimba.

Ndingapite ndi mayi a kunyumba ndi ana?

Inde, ndipo amayi oonera mpira kuno ndi ambiri kuposa kwathu. Sankhani gemu ya masana yomwe si derby. Mwana mulembereni nambala yanu ya foni pakapepala muike m'thumba mwake, ndipo mupite naye kuchimbudzi mpira usanayambe. Khanda lisiyeni kunyumba, phokoso la mavuvuzela ndi lalikulu. Za kutuluka onani yankho la nthawi yofikira.

Anthu amene anapitako amakumbukira chiyani za gemu yawo yoyamba?

Tikamacheza nkhani imeneyi, pafupifupi aliyense amayamba ndi kwathu, osati kuno. Wina amakumbukira malume ake atamunyamula paphewa pa Kamuzu Stadium, kumasitandi osafolera, dzuwa likuswa mtengo, iye akudya nzimbe osadziwa n'komwe kuti ofiira ndi ati abuluu ndi ati. Wina sanalowe ndi tikiti: ankadikira panja ndi anzake mpaka mageti atatsegulidwa chakumapeto kwa gemu, n'kuthamangira mkati kukaona mphindi zotsalazo, mawa lake kusukulu n'kumafotokoza ngati anaonera yonse. A ku Mzuzu amakamba za kuzizira, a ku Lilongwe za fumbi la pa Civo ndi ulendo wapansi wobwerera ku Kawale kapena ku Mchesi. Amene anali pa Kamuzu mu Juni 2008, pamene Chiukepo Msowoya anamwetsa chigoli chakumapeto Flames n'kugonjetsa Egypt 1-0, sakulolani kumaliza nkhani yanu asanafotokoze yawo.

Za kuno, zomwe zimatchulidwa kawirikawiri ndi za pa FNB. Mumakwera njira zokhotakhota za simenti, mukungoona misana ya anthu, kenako mumatulukira pakhomo n'kuona bwalo lonse lili pansi panu, kapinga wobiriwira ngati wochita kupenta. Bambo wina amene amagwira ntchito ya m'munda ku Randburg anatiuza kuti atafika pamenepo anaiwala mpira, n'kuyamba kudzifunsa kuti udzu umenewu amauthirira kangati ndipo amautchetcha ndi makina anji. Mayi wina wa ku Rosettenville amakumbukira kuti anaimba nawo nyimbo gemu yonse osamva liwu ndi limodzi lomwe la Chizulu chake, ndipo mawu anamuthera masiku awiri, abwana ake n'kumamupatsa mankhwala a chimfine. Mnyamata wina anajambula vidiyo kuti atumize kumudzi, koma chigoli chitalowa anadumpha, ndipo chomwe abale ake ku Mangochi analandira ndi thambo, denga ndi kukuwa.

Ndipo pafupifupi aliyense ali ndi nkhani ya pobwerera: teksi yomwe inawasiya, ulendo wapansi mumdima, kugona pa mnzake ku Turffontein chifukwa kwawo sikukanafikika. N'chifukwa chake yankho la mayendedwe talitalikitsa.

Ndi osewera ati a ku Malawi amene anasewerapo m'matimu a kuno?

Ndi ambiri, ndipo kuwadziwa kumathandiza pocheza ndi eni dziko m'masitandi. Masapota achikulire a Chiefs mukawatchulira Patrick Mabedi amakupatsani ulemu: anali wotchinga kumbuyo ndipo anakhalapo kaputeni wa timuyo. Ku Pirates kunadutsa Joseph Kamwendo ndi Chiukepo Msowoya, kenako Gabadinho Mhango, amene mu sizoni ya 2019/20 anamwetsa zigoli 16 n'kugawana mphoto ya womwetsa zigoli zambiri ndi Peter Shalulile wa ku Namibia. Asanapite ku Pirates, Gaba anatenga ligi ndi Bidvest Wits mu 2017, timu ya ku Braamfontein yomwe inagulitsidwa mu 2020. Esau Kanyenda anawala ku Jomo Cosmos asanapite ku Russia, ndipo Russell Mwafulirwa anadutsanso komweko.

Kunja kwa Johannesburg, Ernest Mtawali anasiya mbiri ku Bloemfontein Celtic ndi ku Sundowns, ndipo ambiri amamuika m'gulu la alendo aluso kwambiri amene anasewerapo m'dziko muno. John Maduka, Robert Ng'ambi, Peter Mponda ndi Limbikani Mzava nawonso mayina awo amadziwika.

Flames inasewerapo ku Johannesburg?

Inde, ndipo inasewera ngati ili pakhomo. Mu 2021 mabwalo athu sanavomerezedwe kuchititsa magemu opitira ku World Cup, choncho Flames inabwereka Orlando Stadium. Mu Seputembala chaka chimenecho inagonjetsa Mozambique 1-0 ndi chigoli cha Richard Mbulu, kenako inagonja kwa Ivory Coast ndi Cameroon pa bwalo lomwelo. Chowawa n'choti inali nthawi ya Covid-19. Amalawi okhala makilomita ochepa kuchokera pa bwalopo anatsatira kupambana kwa timu yawo pa foni, mageti ali otseka. Mwayi wotere ukadzapezekanso, umenewo ndiwo udzakhale ulendo wanu, kaya ndi woyamba kaya ayi.

Anthu amangokamba za 2010. Chinachitika n'chiyani pa FNB?

Pa 11 Juni 2010 World Cup yoyamba kuchitikira mu Africa inatsegulidwa pamenepo. Siphiwe Tshabalala, yemwe ankasewera Chiefs, anamwetsa chigoli choyamba, ndipo South Africa inafanana mphamvu ndi Mexico 1-1. Pa 11 Julayi Spain inagonjetsa Netherlands 1-0 mu fainolo ndi chigoli cha Andres Iniesta.

Koma Amalawi amene analipo nthawi imeneyo sakamba kwambiri za magemu awiriwa. Amakamba za pa 2 Julayi, Ghana ndi Uruguay, pamene Luis Suarez anatchinga mpira ndi manja pamzere wa golo mphindi yomaliza, Asamoah Gyan n'kumenyetsa penate pa mtanda. Usiku umenewo bwalo lonse, Mzulu, Mmalawi, Mnaijeriya, linali la Ghana. Bwalo lomweli ndi pomwe Bafana Bafana inatengera chikho cha Africa mu 1996 itagonjetsa Tunisia 2-0, pomwe Nigeria inachitengera mu 2013, komanso pomwe panachitikira mwambo wokumbukira Nelson Mandela mu Disembala 2013.

Ndilibe timu kuno. Ndisapote iti?

Musafulumire. Ambiri amatengera abwana awo, alandilodi kapena chibwenzi, kenako n'kumavutika nayo timu yomwe sanaisankhe. A Chiefs anadikira zaka khumi osaona chikho chachikulu mpaka mu Meyi 2025, pamene anagonjetsa Pirates 2-1 mu fainolo ya Nedbank Cup ku Durban. Mwezi womwewo Sundowns inatenga ligi kachisanu ndi chitatu motsatizana. Ena amati wa Bullets amagwera ku Chiefs ndipo wa Wanderers ku Pirates, koma pakati pathu tili ndi Maule ambiri amene anasamukira ku Pirates chifukwa cha Gaba ndipo sanabwerereko.

Sizoni imayamba mu Ogasiti n'kutha mu Meyi, ndipo ligi ili ndi matimu 16, komanso pali zikho za MTN8, Carling Knockout ndi Nedbank Cup. Magemu ndi okwanira kuti muonere mbali zonse ziwiri musanagule jezi, chifukwa yeniyeni ya m'sitolo mtengo wake umaposa matikiti khumi.